Agogo apereka makiyi, akuti akupita ku Rishikesh osadzabweranso

Nachisale (Durban): Abale anga pagulu pano, mwaswera bwanji? Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo, ndiye ndati safunsa anadya phula. Kuno ndimagwira ntchito m'nyumba ya amwenye achihindu, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Eni nyumba ndi agogo aamuna a zaka 71, anali ndi shopu ya simenti, misomali ndi utoto. Chaka chatha mwana wa mwana wawo wamwamuna atabadwa, anaitana banja lonse patebulo, n'kuika makiyi a shopu, a galimoto ndi a sefa m'mbale yamkuwa, n'kupereka kwa mwana wawo wamkulu. Ine ndinali pomwepo, ndikuthira tiyi. Kuyambira tsikulo anatuluka kuchipinda chachikulu, amagona pamphasa m'kachipinda kakuseri komwe tinkasungamo masutikesi. Kudya ndi kamodzi patsiku, mpunga ndi mphodza basi. Masuti onse anagawa, ina ndinatumizira achimwene anga ku Ntcheu. Pano akuti mu Febuluwale akupita ku India, ku Rishikesh, kukakhala sannyasi, munthu wotaya zonse za dziko, ndipo kuno sadzapondanso. Agogo aakazi sakunena kanthu, koma dzana ndinawapeza kukhitchini misozi ili mbwembwembwe. Akuti ndi anyezi, pomwe tsikulo anyezi sitinadule. Odziwa ndithandizeni, zimenezi ndi chipembedzo kapena kuthawa banja?

Bwande: Achemwali, musanayankhidwe, suti ina yatsala? Ine ndimavala 38 kkkk

Nachisale (Durban): A Bwande inu, nkhani ya misozi iyi.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Anachisale, zikomo. Zimenezi ndinaphunzitsako, ndiye ndiyesa. Agogo anuwo sanapenge, akutsata ndondomeko yakalekale yotchedwa ashrama. Mabuku achihindu amagawa moyo wa munthu panayi. Poyamba ndi brahmacharya, mnyamata amavekedwa ulusi wopatulika paphewa n'kukakhala kwa mphunzitsi, kumutolera nkhuni, kuphunzira ma Veda, mabuku awo opatulika, osayandikira mkazi. Kenako grihastha, kukwatira, kubereka, kusaka chuma, kulandira alendo. Gawo lachitatu ndi vanaprastha, mawuwo akutanthauza wopita kunkhalango. Lachinayi ndiye sannyasa, kutaya zonse. Ambiri amati gawo lililonse zaka 25, kuti zikwane 100, koma buku la malamulo la Manu silipereka chaka cholowera gawo lachitatu. Limati mwini banja akaona makwinya pakhungu, imvi kumutu, ndiponso mwana wa mwana wake, apite kunkhalango. Mwaona pamene makiyi anatulukira? Mdzukulu atabadwa. Ndipo kachipinda ka masutikesi kaja ndiye nkhalango yawo, poti mu Durban angakapeze kuti thengo.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma m'magawo anayiwo ndamva mnyamata, ndamva mwini banja, ndamva mkulu waimvi. Mkazi ali pati?

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Mayi, mwagunda pachilonda. Manu yemweyo amati wopita kunkhalango atha kutenga mkazi wake, kapena kumusiya m'manja mwa ana ake aamuna. Koma pa sannyasa amapita yekha. Mabukuwa analembedwa ndi amuna, kulembera amuna, komanso amuna a magulu apamwamba okha. Sindingakubisireni.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): "Kumusiya m'manja mwa ana." Ngati njinga.

Bambo Zimba (Chipata): Ine ndinene mosapsatira. 1 Timoteyo 5:8 imati wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Mkazi wakuphikira zaka makumi anayi, lero mawondo atha, ndiye umutsanzike kuti ndikukafuna Mulungu? Mulungu wake uti amene amapezeka ku Rishikesh kokha?

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Bambo Zimba, chodabwitsa n'chakuti Manu akanagwirizana nanu theka. Buku lomwelo limati pa magawo onse anayi, wamkulu ndi mwini banja, chifukwa ndiye amadyetsa atatu enawo, ndipo onse amathera mwa iye monga mitsinje imathera m'nyanja. Limatinso munthu amabadwa ndi ngongole zitatu: kwa anzeru akale, yobweza pophunzira, kwa milungu, yobweza ndi nsembe, kwa makolo, yobweza pobereka. Wothamangira chipulumutso asanabweze ngongolezo amapita pansi, osati pamwamba. Ndiye mkangano mukuuyambitsawu Ahindu eni ake akhala nawo zaka zoposa 2,000. Katswiri wina, Patrick Olivelle, anaonetsa m'buku lake la 1993 kuti poyambirira ma ashrama sanali masitepe, anali njira zinayi, mnyamata akamaliza maphunziro ankasankha imodzi ya moyo wake wonse. Anadzazisandutsa masitepe pambuyo pake, ndipo ine ndimaona kuti akuluakulu anaona anyamata akuthera kuthengo, minda ndi maukwati zikugona, ndiye anati chabwino, pitani, koma muyambe mwatipatsa adzukulu. Komabe buku lina, Jabala Upanishad, limakana, limati tsiku lomwe mtima waleka kukhumba za dziko, nyamuka tsiku lomwelo.

Komanso ife Akhristu tisamalozere chala kwambiri. Luka 14:26 timaidumpha powerenga. Antoni wa ku Iguputo anagawa munda, n'kugulitsa katundu wake, n'kusiya mlongo wake kwa anamwali ena, ulendo wa kuchipululu, ndipo timamutcha woyera.

Che Jafali (Mangochi): Ife kwathu za kusiya banja kulibe. Ukafuna kudzipatula ndi itikafu, masiku khumi omaliza a Ramadhani mumzikiti, ikakwana Idi ubwerere kwa akazi ako ukagule sopo.

Chikondi (Dehradun): Moni akuluakulu. Ine ndili pasukulu ku Dehradun, ku Rishikesh ndi ulendo wa ola limodzi ndi kanthu pa basi, ndapitako kangapo. Anti Nachisale, mawu oti "sadzabweranso" aja sikuwopseza ayi. Munthu akamalowa sannyasa amachita maliro ake omwe ali moyo. Amaumba timibulu tampunga tomwe amapereka kwa akufa, tina n'kudzipatsa yekha. Amametedwa mpala, kachitsumba katsitsi kakunkhongo amadula, ulusi wa paphewa uja amavula, amalowa mumtsinje wa Ganga n'kusiya zovala zakale momwemo. Akatuluka mphunzitsi wake amamupatsa nsalu yamtundu wa dothi lakatondo ndi dzina latsopano. Katundu wake ndi kachigubu ka madzi, ena ndi ndodo. Moto wa nsembe wa panyumba amausiya, sadziphikiranso. N'chifukwa chake akamwalira nthawi zambiri samuwotcha ngati Ahindu ena, amamuika m'manda atakhala tsonga, kapena kumumiza mumtsinje, poti maliro ake anachitika kale.

Tsiku lina pafupi ndi mlatho wa Ram Jhula ndinacheza ndi mkulu wina wa nsalu yotereyi, Chingerezi chake chakuthwa kuposa cha alekichala athu. Ndinamufunsa kuti kale ankagwira ntchito yanji, ana alipo angati. Anangoseka n'kunena kuti munthu ameneyo anamwalira. Mnzanga wachimwenye anandikoka malaya, akuti kuno safunsa gwero la mtsinje kapena la munthu woyera.

Nachisale (Durban): Mayo ine. Ndiye agogo aakazi akhala amasiye mwamuna ali moyo?

Chikondi (Dehradun): Mwa mwambo wake ndi choncho anti, ngakhale pa nkhani ya chuma cha makolo amawerengedwa ngati wakufa. Koma musade nkhawa msanga, sizichitika ngati kugula tikiti ya basi. Mphunzitsi weniweni sapereka nsalu ija kwa munthu wongotsika ndege. A gulu la ma sannyasi la Ramakrishna Mission mwachitsanzo amalandira anyamata osakwatira okha, ndipo amawayesa zaka pafupifupi 9 asanawapatse sannyasa. Akuluakulu ambiri amene ndimawaona kuno amangochita lendi kachipinda mu ashram, malo okhala anthu opemphera, kuvala zoyera, m'mawa kumtsinje, madzulo kumapemphero a nyali, foni ili m'thumba, Lamlungu kuimbirana ndi adzukulu pa WhatsApp.

China chomwe ndinaona ndi maso: cha m'ma 10 koloko m'mawa anthu a nsalu zakatondo amandandalika pamzere ndi tizitini tawo pamalo ogawira chakudya chaulere, chapati ndi mphodza. Ufawo amagula ndani? Eni mashopu a ku Delhi, ku Gujarat, ku Kolkata. Wotaya dziko amadya thukuta la amene sanalitaye.

Bwande: Ndiye ine ndakhala sannyasi zaka zitatu osadziwa. Ntchito ndilibe, ndimadya kwa alamu.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): Kkkkk a Bwande mudzafa imfa yowawa. Koma Chikondi wanena zoona, ndi zomwe ndimafuna kumva. Munthu aliyense woyera ali ndi wina kumbuyo amene akutsuka mapoto.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Za chilolezo, pali nkhani ya Shankara, mphunzitsi wamkulu wa ku Kalady ku Kerala, amene ambiri amamuika pa zaka za 788 mpaka 820. Anali mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye, ndipo mayiwo anakana zoti akhale sannyasi. Nthano yawo imati tsiku lina akusamba mumtsinje ng'ona inamugwira mwendo, iye n'kukuwa kuti amayi ndiloleni ndife ndili sannyasi. Mayi atalola, ng'ona inamusiya. Kaya ng'onayo inalipodi kaya, mfundo ndi yakuti ngakhale iye sanachoke popanda mawu a mayi ake. Ndipo anawalonjeza kuti adzabwera kudzawaika. Anabweradi, achibale anamunyanyala poti sannyasi saloledwa kuchita mwambo wa maliro, iye anawotcha yekha mtembo wa mayi ake pafupi ndi nyumba. Mako ndi mako, ngakhale kwa munthu amene ankaphunzitsa kuti dziko lonseli ndi chizimezime.

Nachisale (Durban): Aphunzitsi, mwatchula za dziko kukhala chizimezime, ndakumbuka china. Mwezi watha agogowa anandiitana ndikukolopa. Anati bweretsa tambula ya madzi ndi mchere wamiyala. Anaponyamo, akuti tiona mawa. M'mawa mwake akuti tulutsa mchere uja. Ndati wasungunuka agogo. Akuti lawa pamwamba, lawa pakati, lawa pansi. Ponse mchere. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, iwe ndi ine ndi Mulungu ndi chimodzimodzi, palibe awiri. Ine ndinangoti chabwino agogo, n'kupitiriza kukolopa.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Ha! Anakuchitirani za m'buku la Chandogya Upanishad, mutu 6, ndendende. Mmenemo muli bambo, Uddalaka, ndi mwana wake Shvetaketu amene anapita kusukulu ali ndi zaka 12 n'kubwera ali ndi 24, mapewa ali m'mwamba ngati ana athu akabwera ku Chanco. Bambo anamufunsa ngati anaphunzira chinthu chimene ukachidziwa wadziwa zonse. Mnyamata kakasi. Ndiye anamuchitira za mcherezo, anamuuzanso kuti aswe kanjere ka mtengo waukulu wonga kachere, anene chomwe akuona mkati. Akuti palibe. Bambo akuti m'chosaonekacho ndi momwe mwachokera mtengo wonsewu. Ndipo kasanu n'kanayi amabwereza mawu atatu, tat tvam asi, kutanthauza kuti chimenecho ndiwe.

Chiphunzitso cha Shankara chimatchedwa advaita, "palibe awiri". Amati chenicheni chilipo chimodzi chokha, Brahman, ndipo mwini weniweni wa mkati mwako, atman, si china koma chomwecho. Taganizani mbiya, mkhate ndi mphika. Maina atatu, ntchito zitatu, koma dongo ndi limodzi. Kapena munthu woyenda chisisira amene waona chingwe panjira n'kulumpha kuti njoka. Mantha ake ndi enieni, thukuta lenileni, koma njoka kunalibe, ndipo safunika chibonga, afunika nyali. Apa ndi pomwe sannyasa ikulowera. Ngati chomwe chikukumanga ndi kuganiza kuti "ine ndine mwini shopu, bambo wa uje, wa mtundu wakuti", ndiye umavula maina onsewo limodzi ndi malaya.

Madalitso (Leicester): Ndimangowerenga chete. Aphunzitsi, kodi si umunthu womwewu? Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Ayi a Madalitso, mwambi wanuwo ukufuna awiri. Umunthu umati ndine munthu chifukwa pali iwe. Shankara akuti "iwe" ndi "ine" ndiye njoka ya pachingwe ija. Zimatha kubala zipatso zofanana, monga chifundo, koma mizu ndi yosiyana.

Bambo Zimba (Chipata): Apa ndiye ndatsika basi. Woumba ndi woumba, mphika ndi mphika. Kunena kuti ine ndine Mulungu ndi bodza lija la m'munda wa Edeni.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Muli ndi anzanu ambiri pakati pa Ahindu omwe. Mphunzitsi Ramanuja wa ku dziko la Atamil anati mizimu ili mwa Mulungu monga thupi ndi mwini wake, koma siisungunuka. Madhva wa ku Udupi, wa zaka za m'ma 1200, anakana kotheratu, akuti Mulungu ndi wina, mzimu ndi wina, mpaka muyaya. Opembedza a ku Bengal ali ndi kanenedwe kakuti sindifuna kukhala shuga, ndifuna kulawa shuga. Agogo a Anachisale ali mbali ya Shankara, koma si Ahindu onse.

Nachisale (Durban): Chabwino. Ndiye ndifunse chomwe chakhala chikundidya kuyambira tsiku la mchere lija. Ngati ine ndi agogo ndife amodzi, bwanji m'nyumba muno ndili ndi kapu yangayanga? Yachitsulo, yopindika pakamwa, imakhala pansi pa sinki pamodzi ndi sopo wa mbale. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinamwerepo m'makapu a m'kabati, koma ndimawatsuka ndine. Sindikunena kuti ndi anthu oipa, malipiro sachedwa, mayi anga atamwalira anandigulira tikiti. Koma kapu ili pansi pa sinki.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): Mmm.

Chikondi (Dehradun): Anti, funso limenelo kuno ndi moto. Anzanga a m'kalasi ochokera m'mabanja amene kale ankatchedwa osakhudzidwa amafunsa lomwelo. Ambedkar, amene anatsogolera kulemba malamulo a dziko la India, anatentha buku la Manu lija poyera ku Mahad pa 25 Disembala 1927 chifukwa cha zomwe limanena za anthu a magulu apansi. Kumidzi ina nkhani ya makapu awiri m'tiyirumu imamvekabe.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Ndipo mabuku awo omwe amawatsutsa. Bhagavad Gita 5:18 imati wanzeru amaona chimodzimodzi mwa wansembe wophunzira, ng'ombe, njovu, galu, ndi munthu wonyozeka wodya galu. Za Shankara yemwe amasimba kuti ku Varanasi, akuchokera kosamba, anakumana ndi munthu wa gulu lonyozeka ali ndi agalu anayi, n'kumuuza kuti apatuke. Munthuyo anafunsa kuti ukuti chipatuke n'chiyani, thupi ili kuchoka pa thupi ilo, poti onse ndi nsima yomweyo, kapena mzimu kuchoka pa mzimu, poti umati ndi umodzi? Shankara anamugwadira. Koma ndivomere, nkhani imeneyi yasimbidwa zaka mazanamazana makapu ali pansi pa sinki.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): Tisanawaweruze amwenye, aliyense pagulu pano amene ali ndi wantchito apite kukhitchini akaone. Ine ndapita. Ya Esnati ndi yapulasitiki yobiriwira, ili pawindo. Ndipo Lamlungu ndimaimba nawo kuti tonse ndife thupi limodzi.

Madalitso (Leicester): Ine ndimasamala okalamba kuno, ambiri ndi Agujarati, ena anakulira ku Limbe ndi ku Blantyre, amandilonjera m'Chichewa chabwino kuposa cha ana anga. Gogo wina amene ndimamusambitsa ali ndi Gita pamutu pa bedi. Nditamuuza nkhani ya Anachisale usiku wathawu anagwedeza mutu. Akuti m'bukumo msilikali Arjuna ankafuna kuthawa ntchito yake n'kukakhala wopemphapempha, mulungu wawo Krishna anamukaniza. Anandiwerengera chiyambi cha mutu 6, pomwe akuti sannyasi weniweni ndi amene amagwira ntchito yoyenera osayembekeza phindu lake, osati amene wangozimitsa moto n'kukhala manja lende. Akuti kusiya nyumba n'kosavuta, shopu imakutsata m'mutu mpaka ku Himalaya.

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Gogoyo akunena zomwe mphunzitsi wina wa ku India, Ramana Maharshi, ankauza anthu. Iye anathawa kwawo mu 1896 ali ndi zaka 16 kupita ku Tiruvannamalai, koma eni mabanja akamamupempha chilolezo choti nawonso asiye zonse, ankawabweza. Ndipo mayi ake anadzakhala naye komweko mpaka kumwalira. Kwanu ku Durban komweko, Anachisale, kuli a Divine Life Society, otsatira Swami Sivananda amene anali dokotala ku Malaya (lero ndi Malaysia) asanalowe sannyasa ku Rishikesh mu 1924. Yemwe anali mtsogoleri wawo kumeneko, malemu Swami Sahajananda, anavala nsalu yakatondo koma moyo wake anathera kumanga masukulu m'madera osauka a KwaZulu-Natal. Mwina agogo anuwo amawadziwa bwino.

Mayi a Tamanda, ndakusungirani imodzi. Mu Brihadaranyaka Upanishad muli Yajnavalkya, amene anali ndi akazi awiri, Maitreyi ndi Katyayani. Pofuna kuchoka anaitana Maitreyi kuti agawe chuma. Mayiyo anafunsa kuti dziko lonse litadzaza chuma n'kukhala langa, kodi sindidzafa? Mwamuna anati ayi, udzangokhala ngati olemera ena. Maitreyi anati nanga ndichite nacho chiyani, ndiuze chomwe ukudziwacho. Ndipo chiphunzitso chakuya kwambiri cha umodzi chija chinaperekedwa kwa mkazi, pakhomo, tsiku lotsanzikana.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): Yabwino. Koma anapitabe eti? Nanga Katyayani anamufunsa ndani?

Aphunzitsi Mbewe (Zomba): Anapitabe mayi. Katyayani m'nkhanimo salankhula.

Che Jafali (Mangochi): Anachisale, tatiuzani, agogo aakaziwo munayamba mwawafunsa? Tatha masiku awiri tikuwalankhulira.

Nachisale (Durban): Pepani ndinasowa, kunali alendo. Che Jafali, ndawafunsa lero tikusankha mpunga. Ndinayamba mozungulira, ndati agogo mudzawasowa eti. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako akuti, "Ukuganiza kuti ndikulira poti akupita? Za Rishikesh ndinayamba kuzinena ndine, ana ali aang'ono. Mabuku amene akuwerengawo ndi anga, ndinabwera nawo kuchokera kwa bambo anga. Tinapangana kuti tidzapita awiri." Ndiye mdzukulu wabadwa, mpongozi wawo akubwerera kuntchito ku banki mu Janyuwale, ndipo pa tsiku la makiyi lija aliyense anangoona kuti mwana adzalera ndi agogo aakazi. Palibe anawafunsa, ngakhale amuna awo.

Mayi a Tamanda (Lilongwe): Ndinanena ine.

Bambo Zimba (Chipata): Apa ndilibe mawu. Ndiwapempherera mayiwo.

Chikondi (Dehradun): Anti, muwauze kuti ku Rishikesh ndi ku Haridwar kuli ma ashram olandira mabanja okalamba, amayi ovala nsalu yakatondo ndawaonanso ambiri. Akafuna ndikafunse mitengo ya zipinda ndikapita mwezi wamawa. Febuluwale kumakhala kukuzizirabe, abwere ndi majuzi.

Nachisale (Durban): Ndiwauza mwanawe. Tikiti agula kale, imodzi, koma mwana wawo wagula yobwerera pakatha miyezi itatu, akuti mankhwala a shuga ndi a BP akatha tidzaona. Agogo aamuna sakudziwa. Agogo aakazi akusoka kathumba mkati mwa malaya oyera aja koikamo mapilitsi.

Koma china chachitika madzulo ano. Agogo aamuna analowa kukhitchini, komwe salowako, n'kugwada pa sinki movutikira, mawondo ali kwekwe. Anatulutsa kapu yanga ija n'kufunsa ngati ndingawapatse, akuti kumene akupitako munthu amaloledwa chiwiya chimodzi chokha ndipo akufuna chimenechi. Kaya agogo aakazi anawauza zomwe ndinadandaula tikusankha mpunga, kaya. Ndinawapatsa. Apita nayo kukachipinda kwawo.

Bwande: Ndiye inu mumwera chiyani?

Nachisale (Durban): Ndi zomwe ndaima nazo pano a Bwande. Tiyi wapsa, kabati ili apa, ndipo palibe wandiuza kuti nditenge iti.